Ndinatsika Lole Nditavala Velo

Ine ndinayankhula pa tsiku la ukwati wanga, ndipo sikunali kunong'ona ayi. Anthu a msinkhu wanga amene atsala ku Lirangwe amaikambabe nkhaniyi, ena amaithira mchere mpaka kunena kuti ndinamenya munthu. Sindinamenye munthu ine. Zimene ndinachita ndizinena ndekha, poti pakamwa ndi panga.

Zinali m'zaka za Chitaganya, nthawi imene malole anayamba kuchuluka mumsewu wathu wochokera ku Matope kupita ku Blantyre. Masiku amenewo mkwatibwi sankayankhula. Atsikana a lero amalowa m'tchalitchi akuvina, mano onse ali pamtunda, ndipo ine sindiwada nazo, koma ife anatilanga zina. Dzulo lake la ukwati amayi achilangizo a kumpingo ananditsekera m'nyumba kuyambira m'mawa. Ananena zambiri, koma chimene anabwereza mpaka kundigonthetsa m'kutu chinali chimodzi: mawa mutu pansi, maso pansi, pakamwa potseka. Usaseke, usayankhe munthu, ngakhale ntchentche ikutere pamphuno uisiye. Ati mkwatibwi wa maso mwazimwazi ndiye kuti amuna anawadziwa kale, ndipo manyazi ake sagwera iye, amagwera mayi amene anam'bala.

Mawu omalizawo ndiwo anandilowa, chifukwa cha amayi anga. Bambo anali atamwalira. Mkulu wanga anali atathawa ndi mwamuna wina wogwira ntchito panjanji, popanda ankhoswe popanda chani, kenako n'kubwerako yekha ali ndi mwana kumsana. Amayi anavutika nazo, moti kumjigo ndi kumaliro ankayenda ngati munthu woba. Ukwati wanga ndiwo unali woti uwapukute kumaso. Iwo sanandiuze choncho, sanali munthu wolankhulalankhula, koma ndinaona m'mene anasitira diresi langa ndi simbi yamakala, kulisita, kulipachika, n'kulitsitsanso kuti asite pamene anali atasita kale.

Ntchito yondilondera inapatsidwa kwa azakhali, mlongo wawo wa malemu bambo. Anali mayi wathupi, wa zala zozolowera kutong'ola chimanga. Anandiuza poyera kuti akangoona mutu wanga ukudzuka adzanditsina pantchafu, ndipo ndisadzati amandida.

Amuna anga anali a ku Chileka, a m'mabanja aja amene makolo awo anachokera kwa Apwitikizi kalekale. Ankanyamula katundu wa apaulendo pabwalo la ndege, ndipo kumeneko ndiko anatengako matenda ofuna chithunzi. Anaumirira kuti ukwati ukadalitsidwa m'tchalitchi cha kwathu, tonse tikwere lole, tidzere ku Chileka kukatenga abale awo otsala, tipite m'tauni kwa mmwenye wojambula, kenako tibwerere kumudzi kukadya. Ankhoswe anayesa kunena kuti ulendowo ngwautali, koma mwamuna wofatsa akafuna chinthu chimodzi mumangomusiya.

Lole anaibwereka kwa munthu wina amene ankanyamula nkhuni ndi chimanga. Dalaivala wake ankadziwika msewu wonse. Anali atakhalako ku Halale, ndipo sankalola kuti munthu aiwale zimenezo. Chipewa ankachipendeketsa, ndudu pakamwa, dzanja limodzi pachiwongolero, linalo panja likumenya chitseko ngati ng'oma. Anthu ankamukonda chifukwa cha liwiro. Ndikunena zoona, ifeyo ndi amene tinkamuwononga. Akadutsa ngati mphepo, ana kumuthamangira, amayi kumuimbira nthungululu, madoda kugwedeza mutu uku akumwetulira, ati koma mnyamatayu galimoto amaidziwa. Dalaivala woyenda bwino ankatchedwa nkhalamba. Mpaka lero ndikakwera minibasi n'kumva munthu akuuza dalaivala kuti aponde moto chifukwa wachedwa, sindikhala chete, adzukulu anga amachita kubisa nkhope.

Titatuluka m'tchalitchi tinapeza lole ataikongoletsa ndi nthambi za mango, masamba a nthochi ndi maluwa ofiira. Kutsogolo kunali malo a anthu awiri okha pambali pa dalaivala. Amayenera kukhala ine ndi amuna anga, koma azakhali anati maondo awo sangakwere kumbuyo, ndiponso sangandisiye ndekha. Ndiye anandiika pakati, iwo kuchitseko, mkwati n'kukaimirira kumbuyo ndi jekete lake lobwereka, atagwira chitsulo. Kumbuyoko kunali amayi anga atabereka mwana wa mkulu wanga, mkulu wangayo, apongozi anga, ankhoswe, akwaya, ng'oma, ndi aliyense amene anapeza poponda.

Tinanyamuka ndi nyimbo. Msewu unali wafumbi, wa mabampu, koma munthuyo ankauyenda ngati wathira mafuta. Ndinkamva hutala, kenako kukuwa kwa munthu wapanjinga amene wathawira kutchire, kenako chiseko kumbuyo. Nyimbo ikakwera, iye amawonjezera moto. Tinapitirira basi ina pokhota, ndinangoona chithunzithunzi chake chikudutsa pamwendo panga ndi fumbi likulowa pawindo, ndipo amayi a kumbuyo analulutira ngati tapambana mlandu. Azakhali nawo ankati, ee, koma afika nafe msanga bambowa.

Tsono munthu wozyolika amaona pansi. Ena onse ankaona mitengo, mapiri ndi anthu otibayibitsa, ine ndinkaona mapazi a dalaivala. Anavala nsapato zakuda zopukuta bwino, zopanda sokosi. Pansi pa mapaziwo panali zopondera zitatu, ndi kabowo kamene ndinkaonerapo msewu ukuthawa. Za galimoto sindinkazidziwa, koma buleki ndinkaidziwa ya njinga, ndipo munthu sachita kupita kusukulu kuti aone kuti ichi akaponda tikuthamanga, ichi akaponda tikuima.

Tisanafike pa Lunzu ng'ombe zinalowa mumsewu. Ndinazidziwa ndi kulira kwake ndi mluzu wa mbusa. Phazi la dalaivala linachoka kumanja n'kupita pachopondera chapakati. Chinangolowa chonse mpaka pansi, fwaa, ngati waponda dzungu lowola, ndipo lole sinamve kanthu. Anachotsa phazi, kupondanso, kupondanso, mofulumira ngati munthu wopopa njinga. Dzanja lija linali panja linalowa n'kugwira giya, injini inalira ngati ikuphedwa, ndipo pamapeto pake buleki inagwirako pang'ono. Tinadutsa mchira wa ng'ombe ukukwapula chitseko. Kumbuyo anaombera m'manja. Ine ndinaona dontho la thukuta likugwera pabondo la buluku lake.

Pa Lunzu anaima, koma kuima kwake kunali kongoisiya lole kuti itope yokha. Anati akufuna kuona madzi. Anthu anatsika kukawongola miyendo, azakhali anasuzumira pawindo kukalipira ana amene ankandiyang'anitsitsa. Iye anawerama pafupi ndi mapazi anga, anatukula kachitsulo ka pansi, natulutsa botolo kuseri kwa mpando n'kuthira m'kabowo kena. Anachita mobisa, koma ine sanandiwerengere, poti mkwatibwi ndi katundu. M'botolomo munali madzi a thovu. Fungo lake sindikanalakwitsa, unali sopo wamtanda yemwe uja tinkachapira kumtsinje. Patapita zaka ndinadzamva kuti madalaivala ena ankaterodi mafuta a buleki akatha, ndipo zinkagwira kwa kanthawi ngati paipi sikudontha. Yakeyo inkadontha. Titanyamuka ndinaona pakabowo kaja timadontho tikugwa.

Ndinayamba ndi njira zimene mwambo unkalola. Ndinagunda phazi la azakhali ndi langa. Iwo analisuntha. Ndinagundanso, n'kuloza pansi ndi chala chobisa m'diresi. Zala zija zinafika pantchafu, ndipo ndinaona nyenyezi masana. Ndinatsokomola, anandipatsa kansalu. Kenako misozi inayamba kutsika yokha chifukwa cha mantha ndi ukali, ndipo apo ndiye azakhali anakondwa zedi. Anandipukuta bwinobwino pansi pa velo, nauza dalaivala kuti aone mwana woleredwa, wa masiku ano ndani angalire chonchi posiya mayi wake.

Ku Chileka tinawonjezera anthu. Abale a amuna anga anali atadikira pansi pa mtengo kuyambira m'mawa, ndipo panalibe woti n'kumusiya. Lole inakhala pansi ndi kulemera. Ndege ina inali ikutera, anthu onse anayang'ana kumwamba, ine ndinayang'ana botolo lija likutulukanso, ndipo ulendo uno anathira lonse mpaka kuligwedeza.

Kuchokera pamenepo msewu unali wa tala, ndipo pa tala munthuyo anachita misala yeniyeni. Anali ndi chizolowezi china: pamtsetse uliwonse ankazimitsa injini kuti petulo atsale, lole n'kumatsika yokha mwakachetechete, ikuthamangirathamangira, n'kudzailiza kumunsi. Ikatero nyimbo za kumbuyo zinkamveka bwino kwambiri, ndipo ndinkatha kusiyanitsa mawu a amayi anga. Sanali woimbaimba amayi, koma tsiku limenelo ankaimba. Pa timitsetse ta m'njiramo tinkapulumuka chifukwa kutsogolo kunalibe kanthu. Koma ine m'tauni ndinali nditapitako kukagulitsa nthochi, ndipo ndinkadziwa chimene chinali kutidikira. Ukakwera chitunda cha ku Nyambadwe, msewu umatsika mpaka kusiteshoni ya sitima, ndipo kumunsiko Loweruka la kumapeto kwa mwezi sikukhala poponda. Njinga, ngolo zokankha, mabasi, amayi a madengu pamutu, ana, anthu otsika sitima ndi mitolo yawo, onse mumsewu umodzi, aliyense akuyenda ngati msewuwo ndi wa kwawo.

Titadutsa Chirimba chitunda chinayamba. Lole inalira, inatsika giya, inatsikanso, mpaka inayamba kukwawa moti munthu woyenda pansi akanatipitirira. Mumtima mwanga munali milandu iwiri. Ndikayankhula, amayi anga abwerera ku manyazi aja, ndipo ulendo uno pamaso pa apongozi ndi mtundu wonse wa ku Chileka. Ndikakhala chete, amayi omwewo ali kumbuyoku ndi mwana kumsana. Ndinadziuza kuti mwina munthuyu akudziwa chimene akuchita, si amayenda msewu uno tsiku ndi tsiku? Nthawi yomweyo ndinaona phazi lake likuyesa buleki mwakabisira, pachitunda pomwepo pamene sinkafunika. Inalowa yonse osabwerera. Anachita kuikola ndi nsonga ya nsapato kuti idzuke. Pamenepo ndinati basi, manyazi anapha lambe.

"Azakhali, loleyi ilibe buleki."

Ananditsina osandiyang'ana n'komwe, ngati munthu wopha nsabwe. Ndinadzutsa mutu, ndinakankhira velo kumbuyo, ndinanenanso mokweza kuti buleki yafa, ndipo adalaivala aime anthu atsike. Dalaivala anandiyang'ana koyamba tsiku limenelo. Anaseka, koma maso ake sankaseka. Anauza azakhali kuti mkwatibwi wawo ali ndi pakamwa, mwamunayo aona zakuda. Azakhali ananong'ona mano ali chilumire kuti ndawachititsa manyazi, ndizyolike msanga anthu asanaone. Nsonga ya chitunda inali ikuoneka.

Sindikudziwa kumene ndinatenga mphamvu. Ndinakwera pamiyendo ya azakhali, diresi ndi velo ndi zonse, ndinakankha chitseko, n'kudumpha. Ndinagwa chogwada m'mphepete mwa msewu. Diresi lija amayi analisita linang'ambika pabondo n'kudzola dothi lofiira.

Nyimbo inaduka pakati. Dalaivala podzidzimuka anachotsa phazi pamoto, lole inaima, kenako inayamba kubwerera chammbuyo pang'onopang'ono. Anyamata anadumpha n'kuponya miyala kumatayala, iye anaikankhira m'giya, inagwedezeka n'kuzima. Munthu woganiza akanaonera pomwepo kuti ndikunena zoona. Koma ndani ankayang'ana lole? Maso onse anali pa ine. Mkwatibwi akatsika galimoto ya ukwati wake pakati pa njira, anthu amadziwa tanthauzo limodzi lokha: waukana ukwati. Ndinamva mayi wina wa ku Chileka akuti ankadziwa iye, banja limeneli ndi lomwe lija mkulu wake anathawa.

Amuna anga anafika nkhope itachita phulusa. Anagwada pafupi nane, chipewa chili m'manja, nandifunsa motsitsa mawu kuti, "Kodi ndakulakwirani chiyani?" Funso limenelo limandipwetekabe. Ndinawauza kuti iwo sanalakwe, ukwati ndikuufuna, ndipo ndikufuna ndikaudye ndili wamoyo. Kenako ndinaimirira n'kufotokoza zonse pamaso pa anthu: za ng'ombe zija, za botolo la sopo, za chopondera chimene chikulowa osabwerera. Mawu anga anamveka mpaka kwa anthu odutsa ndi njinga, amene anaima kuti aonere.

Dalaivala anatsika akukonza chipewa. Anati lole iliyonse yolemera imabwerera pachitunda, zimenezo ngakhale mwana amadziwa. Sopo sanakane, anati aliyense amatero, ndipo wakhala akuyenda choncho osapha ngakhale nkhuku, pamene nkhuku za anthu a kwathu anali atazimaliza. Anati iye wayendetsa ku Halale kumene magalimoto ndi ochuluka kuposa anthu onse a ku Lirangwe, lero aphunzitsidwe ndi kamtsikana kosadziwa kumene petulo amalowera? Madoda anagwedeza mitu movomereza. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri anagwirizana koyamba chiyambire zokambirana za ukwatiwu, ati mwanayu wangochita mantha, akwere tizipita, nthawi ikutha. Azakhali anandigwira pamkono. Ine ndinakhala pansi padothi, miyendo tambalale, ndinati amene akufuna andinyamule.

Amayi anga anali akadali m'lole. Ndinkaopa kuwayang'ana. Ndinangomva anthu akupatuka, kenako ndinaona mapazi awo akufunafuna tayala potsika, mwana ali kumsana. Anabwera, anaima pambali panga osandiyang'ana, nauza ankhoswe kuti, "Ine ndiyenda pansi." Mpaka anamwalira sindinawafunse ngati anakhulupirira za bulekizo, kapena sanafune kuti mwana wawo akhale yekha pamanyazi. Ndikuganiza kuti chinali chachiwirichi.

Zotsatira zake zinayenda mwa mwambo, osati mwa nzeru. Mayi wa mkwatibwi ali pansi, abale ake sakanatsala m'mwamba, ndiye a ku Lirangwe anatsika. A ku Chileka sakanapita kukajambulitsa popanda mkwatibwi, nawonso anatsika, akung'ung'udza. Amuna anga anauza dalaivala mwaulemu kuti atsogole akatidikire kwa mmwenye, ife tiyenda kamtunda katsalaka. Iye analavula ndudu, anati chabwino, tikamupeza atagona tulo. Anyamata anapukusa injini n'kuchotsa miyala. Ng'oma, madengu a zakudya, mipango ndi nsapato za amayi amene anazivula chifukwa zinkawaluma, zonse zinatsalira m'lolemo. Ananyamuka akuliza hutala motinyoza, anafika pansonga, ndipo tinamva injini ikuzima monga mwa chizolowezi chake. Anthu ena amamva nkhwangwa ili m'mutu.

Ulendo wapansi umenewo sindidzauiwala. Gulu lonse la ukwati, zovala zatsopano, kuyenda m'mphepete mwa msewu popanda nyimbo, ngati tikuchokera kumanda. Dzuwa linali likuswa mtengo. Tala ankawotcha amene anasiya nsapato, ndipo aliyense wopsa phazi ankanditukwana chamumtima, ena mokweza ndithu. Apongozi anga ankayenda patsogolo osacheuka. Azakhali ankabwera pambuyo panga akupuma ngati mvukuto, akubwereza kuti mlongo wawo, malemu bambo, anachita mwayi kufa osaona zimenezi. Amuna anga okha ndiwo ankayenda pambali panga, ndipo pena ananditolera velo imene inkakwekwereka pansi.

Ine mumtima munali mosokonekera. Ndinkaopa kukaipeza lole itaima bwinobwino pakhomo pa mmwenye, mwini wake atatsamira chitseko akusuta, chifukwa zikatero amayi anga sakanadzutsanso mutu ku Lirangwe mpaka imfa. Ndinkaopanso zinazo, poti kumunsi kuja kunali ana a eni ake. Sindinkadziwa choti ndipemphere, ndiye ndinkangoti Ambuye, Ambuye, basi.

Tili pakati pa mtsetse anthu anayamba kutipitirira akuthamanga cha kumunsi. Wina wapanjinga amene ankakwera anatiuza osaima kuti kwachitika ngozi yoopsa, lole ya ukwati yagwa, anthu atha onse. Anali atadutsa kale pamene anacheuka n'kutiyang'ananso. Tinangoyamba kuyenda mofulumira, kenako kuthamanga, ngakhale azakhali ndi maondo awo aja. Tisanaone kanthu tinamva kulira kwa maliro.

Lole inali itagona chammbali m'ngalande yaikulu, pafupi ndi pamene msewu umayandikira siteshoni, matayala awiri ali m'mwamba. Isanagwe inali itakhula mtengo wa bulugama, ndipo matabwa onse a mbali imodzi anali atametedwa n'kumwazika. Ndi mbali imene amayi anga anaima. Kutsogolo chitseko cha azakhali chinali chitalowa mpaka pampando wapakati. Mumsewu munali njinga zopindika, ngolo yokankha itasweka, tomato ndi nthochi zili mbwee. Bambo wina wogulitsa nthochizo anali atakhala pansi atagwira mwendo, akutukwana mwamphamvu moti aliyense anadziwa kuti safa. Dalaivala anali pamwala, mkono uli lendelende, magazi kumaso, chipewa kulibe. Anthu anatiuza pambuyo pake kuti anatsika akuliza hutala osalekeza, anthu akubalalika uku ndi uku, ndipo ataona khamu la otsika sitima litadzaza msewu kutsogolo, anaikhotetsera yekha kumtengo. Chimenecho ndimam'patsa. Ndi chinthu chimodzi chanzeru chimene anachita tsiku lonse, ndipo palibe munthu anafa.

Koma a m'tauniwo sankadziwa kuti palibe wafa. Iwo anaona lole ya maluwa ndi nthambi za mango, ng'oma itang'ambika, mipango itakodwa m'minga, nsapato za amayi zili paliponse m'ngalande. Dalaivala ankawauza kuti munalibe anthu, iwo n'kumati mutu wasokonezeka ndi kugunda. Amuna anali atazika mitengo pansi pa lole, akuwerengerana kuti aitukule atulutse oponderezedwa. Ena ankasanthula m'maudzu. Amayi a pamsika, anthu osatidziwa n'komwe, anali atakhala m'mphepete mwa ngalande atamasula mipango, akulira maliro athu. Wina ankalira mkwatibwi, ati mwana wa eni wafa ndi diresi loyera, mayi wake amva bwanji.

Tinafika kumbuyo kwawo, ndipo kwa kanthawi palibe anationa. Tinangoima kumaonerera maliro athu omwe. Apongozi anga anayang'ana matabwa aja, anakhala pansi pa tala wotentha. Azakhali anayang'ana chitseko chawo. Kenako dzanja lawo linandipeza, pamkono, ndipo ulendo uno linangondigwira, osatsina.

Amene anayamba kutiona anali mayi uja ankalira mkwatibwi. Anacheuka kuti amine, anaona velo, anakuwa n'kubwerera m'mbuyo ngati waona mzukwa. Kenako anadzuka, anabwera, anandigwira mapewa, mikono, masaya, kundipapasa ngati akusankha dzungu pamsika. Anafunsa ngati ndine wa lole imeneyi. Ndinavomera. Anayang'ana gulu lonse kumbuyo kwanga, anafunsanso kuti nanga pansi pa lolepo patsala angati.

Anayankha ndi amayi anga. Mawu awo anatuluka aakulu, oti sindinawamvepo chibadwire, mpaka amuna a mitengo aja anasiya kutukula.

"Palibe. Tonse tilipo. Mwana wangayu anatitsitsa."

Kulira kuja kunasanduka nthungululu pakamwa pomwepo, misozi isanaume. Anthu osawadziwa ankatikumbatira, ena kuseka, ena kupitiriza kulira poti anali atayamba kale. Amuna anga ankayenda pakati pa abale awo akugwira aliyense paphewa, ngati sakukhulupirira maso. Ine mtima unatsika mpaka ndinamva njala, ndinamvanso kuwawa kwa bondo limene ndinali nditaliiwala.

Amayi sanalulute nawo. Anamasula mwana kumsana, anam'tembenuza uku ndi uku kumuyang'ana ngakhale sanagwe paliponse, anam'patsa mkulu wanga. Kenako anagwada pamsewu pamaso pa anthu onsewo, anagwira diresi langa pamene linang'ambika, nayamba kusasa dothi lija ndi chikhatho, pang'onopang'ono, akulira. Ndinawauza kuti alisiye, silichoka. Iwo anapitirizabe kusasa.